TSITSI, MTOVU NDI MWANA WOCHEDWA KULANKHULA

Phunziro la mwezi uno, lolembedwa ndi Woyang'anira za Ukhondo m'boma la Karonga

Masiku ano uphungu wa zaumoyo suchokera kuchipatala kokha ayi. Umafikanso pa lamya za m'manja kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo wina umachokera kwa abale athu okhala ku Johannesburg kapena maiko a kutsidya kwa nyanja. Uphungu wina umanena za ana amene amachedwa kulankhula, amene sacheuka akaitanidwa, ndiponso amene amakonda kuseŵera paokha. Umati ana otere ali ndi poizoni wa zitsulo m'thupi, ndipo kholo lingometa tsitsi pang'ono, nilitumiza kwa oyeza pamodzi ndi ndalama, kenaka ligule mankhwala otsuka m'thupi kuti mwanayo achire.

Kwa ife anthu a ku Karonga mawu otere saloŵa movuta mumtima, pakuti boma lathu lili ndi migodi ya malasha ndi ya uranium, ndipo makolo ambiri ali kale ndi nkhaŵa pa za madzi ndi fumbi. Nkoyenera tsono kuti tisiyanitse zoona ndi zongomva. M'phunziro lino tiona kuti kuyeza tsitsi sikungatiuze chimene chavuta mwana, kuti mankhwala otsuka m'thupi angathe kupha, komanso kuti chilipo chitsulo chimodzi chimene tiyenera kuchiwopa ndithu, ndipo njira zochipeŵera zili m'manja mwathu.

KODI AUTISM NCHIYANI?

Autism ndi dzina limene madokotala amatchula mkhalidwe wa mwana amene ubongo wake udakula mosiyana ndi wa anzake, makamaka pa za kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Dokotala wina wa ku Baltimore m'dziko la America, Leo Kanner, ndiye adafotokoza bwino za mkhalidwewu m'chaka cha 1943 ataona ana 11. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi autism. Choncho si chinthu cha Azungu okha. Ana otere alipo ku Kaporo, ku Wiliro, ku Nyungwe ndi ku Chilumba, monganso m'mizinda.

Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana asanakwanitse zaka zitatu. Zina mwa izo ndi izi:

1. Sacheuka akaitanidwa dzina, ngakhale makutu ake amamva bwino.
2. Sayang'ana anthu m'maso, ndipo saloza ndi chala kuti aonetse mayi wake chinthu chimene chamusangalatsa.
3. Amachedwa kulankhula, kapena amangobwereza mawu amene wamva. Ena amaiŵala mawu amene adayamba kale kutchula.
4. Amachita chinthu chimodzi mobwerezabwereza, monga kukupiza manja, kuzungulira, kapena kundandalika timiyala.
5. Amavutika mtima kwambiri ndi phokoso, khamu la anthu, kapena zinthu zikasintha pakhomo.
6. Amasankha zakudya, ndipo ena amadya dothi, makala, mapepala ndi zina zosadyedwa.

Sungani bwino chizindikiro chomalizachi, pakuti tibwererakonso.

Dziŵaninso kuti si mwana aliyense wochedwa kulankhula amene ali ndi autism. Wina samva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu. Wina adadwalapo malungo aakulu okomola kapena matenda oumitsa khosi. Wina adabanika pobadwa, ndipo wina akusoŵa zakudya zokwanira m'thupi. Kusiyanitsa zonsezi ndi ntchito ya achipatala, amene amamuona mwanayo ndi maso, kuseŵera naye, ndi kufunsa makolo mbiri yake.

CHIMENE CHIMAYAMBITSA

Autism siibwera chifukwa cha ufiti, kukhwima kwa wachibale, kapena tchimo la mayi. Mbali yaikulu imayenda m'magazi a banja, monga momwe msinkhu ndi maonekedwe a nkhope zimayendera. Mu 2019 akatswiri adasindikiza zimene adapeza ataŵerenga mbiri ya ana oposa 2 miliyoni a m'maiko asanu, ndipo adaona kuti pafupifupi magawo 80 mwa magawo 100 a chiyambi cha autism ndi achibadwa. Zina zimene zimawonjezera mpata ndizo kubadwa masiku asanakwane, kuvutika kwa mwana pobadwa, ndiponso kubereka makolo atakula kale.

Katemera sayambitsa autism. Mphekesera imeneyi idafala mu 1998, pamene Andrew Wakefield wa ku London adalemba za ana 12 okha, naloza chala katemera wa chikuku. Zitafufuzidwa, zolembazo zidapezeka zachinyengo, zidafafanizidwa mu 2010, ndipo iye adaletsedwa kugwira ntchito ya udokotala. Ku Denmark adatsata ana oposa 650,000, ndipo mu 2019 adalengeza kuti autism siidachuluke mwa ana obaidwa katemerayo kuposa mwa osabaidwa. Pamene chikuku chokha tikuchidziŵa bwino: mu 2010 chidagwira anthu pafupifupi 134,000 m'Malaŵi muno, ndipo oposa 300 adamwalira. Musaleke kubayitsa mwana katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15.

CHIFUKWA CHAKE TSITSI SILINENA ZOONA

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo likangotuluka pakhungu limakhala panja miyezi yambiri. Pa nthaŵi yonseyi limatola zonse zimene lakumana nazo: fumbi la pamsewu, utsi wa nkhuni, sopo, mafuta odzola, mankhwala odetsa kapena owongola tsitsi, ndi madzi osamba a m'chitsime kapena a m'nyanja. Makina oyezera sangathe kusiyanitsa chitsulo chimene chidachokera m'magazi a mwana ndi chimene chidangomatirira kuchokera kunja. Zili ngati munthu wofuna kudziŵa zimene zili m'nkhokwe poyang'ana udzu wa padenga pake.

Akatswiri adayesa oyeza tsitsiwo kuti aone ngati ngokhulupirika. Mu 1985 dokotala wina wa ku America, Stephen Barrett, adatenga tsitsi la achinyamata aŵiri athanzi labwino, nalitumiza ku malo 13 oyezera tsitsi molipiritsa, kaŵiri konse, pa maina osiyana. Mayankho adabwera osemphana, osati pakati pa malo ndi malo pokha, komanso ngakhale pa malo amodzi omwewo. Ena mwa oyezawo adalangiza achinyamata athanziwo kuti agule mankhwala owonjezera m'thupi. Mu 2001 akatswiri a boma ku California adabwerezanso. Adagaŵa tsitsi la munthu mmodzi, nalitumiza ku malo 6, ndipo mayankho adasemphananso. Iwo adalangiza achipatala kuti asadalire kuyeza kotere pofuna kudziŵa za poizoni kapena za chakudya m'thupi la munthu.

Pali malo amodzi pamene tsitsi limathandiza. Akatswiri akafuna kudziŵa ngati anthu a dera lonse akudya nsomba zokhala ndi mercury, monga zidachitikira ku Minamata m'dziko la Japan cha m'ma 1950, amatha kuyeza tsitsi la anthu ambiri mosamala kwambiri. Imeneyo ndi ntchito yofufuza za dera, si njira yodziŵira chifukwa chimene mwana wanu sakulankhulira. Palibe kuyeza tsitsi, mkodzo kapena magazi kumene kungaonetse kuti mwana ali ndi autism.

Chenjerani makamaka pamene woyeza ndi wogulitsa mankhwala ali munthu mmodzi. Wotereyo sangakuuzeni kuti mwana wanu alibe kanthu, pakuti phindu lake lili pa mantha anu. Ng'ombe kapena matumba a mpunga amene banja lingagulitse polipira zimenezi akadathandiza mwanayo pa chakudya ndi pa ulendo wa kuchipatala.

KUOPSA KWA MANKHWALA OTSUKA M'THUPI

Mankhwala ochotsa zitsulo m'thupi alipodi, ndipo madokotala amawagwiritsa ntchito pamene magazi aonetsa poizoni wochuluka. Koma ndi mankhwala aukali. Pokoka chitsulo choipa amakokanso mchere wofunika m'thupi monga calcium, umene umalimbitsa mafupa ndi kuyendetsa mtima, ndipo angathe kuwononga impso ndi chiŵindi.

Mu 2005, ku Pennsylvania m'dziko la America, mnyamata wa zaka 5 wokhala ndi autism adabaidwa mankhwala otere m'mitsempha pofuna kumuchiza. Calcium adatsika m'magazi mwake, mtima udaima, ndipo adamwalira. Mu 2008 boma la America lidaimitsa kafukufuku amene lidakonza woyesa mankhwalaŵa pa ana a autism, litaona kuti kuopsa kwake kunkaposa phindu limene likadapezeka. Kuchotsa zitsulo m'thupi sikuchiza autism.

Chenjezo lomweli likhudzanso mankhwala a zitsamba osanzitsa kapena otsegula m'mimba, ndi ufa kapena timabotolo togulitsidwa pamsika popanda chilolezo. Mwana wosalankhula sanganene pamene pakumuŵaŵa, choncho angathe kufooka kwambiri makolo asanazindikire.

MTOVU NDIWO WOYENERA KUUWOPA

Tsopano tifike pa chitsulo choopsadi, ndicho mtovu. Mtovu ulibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu, ndipo ngakhale wochepa umawononga. Umaloŵa kudzera m'kamwa ndi m'mphuno ngati fumbi kapena utsi. Mwana wamng'ono akaumeza, thupi lake limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo limayamwa koposa ngati mwanayo ali ndi njala kapena ngoperewera magazi. Ukaloŵa umapita ku ubongo, kuchiŵindi ndi ku impso, kenaka umakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mayi woyembekezera amaupatsira mwana amene ali m'mimba.

Ana ambiri okhala ndi mtovu saoneka odwala konse. Amangochedwa kugwira zinthu kusukulu, ndipo sakhazikika. Ukachuluka, mwana amadandaula m'mimba, amadzimbidwa, amasanza, safuna kudya, magazi amachepa, ndipo pomaliza angathe kukomoka ndi kufa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidatsala m'dothi la m'makomo, ndipo patapita zaka zambiri ana zikwizikwi adapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ku Zamfara m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 adamwalira chifukwa makolo ankaphwanya ndi kupera miyala ya golide pakhomo, osadziŵa kuti inali ndi mtovu. Kumeneko achipatala adapulumutsa ana ambiri ndi mankhwala ochotsa mtovu, koma poyamba adayeza magazi, ndipo dothi loipa lidapalidwa m'midzi. Kupatsa mwana mankhwala ndi kumubwezera pa fumbi lomwelo nkungotunga madzi ndi dengu.

Apa ndi pamene pakumanira nkhani ya mtovu ndi ya autism. Tanena kale kuti ana ena a autism amadya dothi ndi kuika zinthu m'kamwa, ndipo amapitiriza kutero ngakhale atapyola msinkhu umene anzawo amaleka. Chifukwa cha ichi, mpata woti ameze mtovu ngwaukulu. Onetsetsani dongosolo lake: khalidwe lodya dothi ndilo limabweretsa mtovu. Ndipo ukaloŵa umawonjezera vuto pa vuto, pakuti umachepetsanso mphamvu ya mwanayo yophunzira. Kumuteteza ku mtovu sikuchotsa autism, koma kumasunga nzeru zimene ali nazo kuti zikule.

Njira yoona yodziŵira za mtovu ndiyo kuyeza magazi. Malangizo a WHO a mu 2021 amati ukafika mayikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, achipatala ndi makolo afunefune kumene ukuchokera ndi kuuchotsa. Mankhwala ochotsa mtovu amaganiziridwa pamene wafika cha pa 45, ndipo amaperekedwa dokotala akuyang'anira. Si chipatala chilichonse chimene chili ndi zipangizo zoyezera mtovu, kotero wachipatala ndiye angakuuzeni koyenera kupita.

KUMENE MTOVU UMABISALA PAKHOMO

Kale mtovu unkathiridwa m'petulo, koma maiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara adaleka mu 2006, ndipo dziko lonse lapansi lidatsiriza kuleka mu 2021. Otsala ndi malo aŵa:

1. Mabatire a galimoto, a njinga zamoto ndi a sola. Mkati mwake muli mtovu wambiri. Batire lakutha likaswedwa pakhomo, kapena mtovu wake ukasungunulidwa kuti ugulitsidwe kapena ulemeretse maukonde ndi mbedza, fumbi ndi utsi wake zimatsala pamene ana amakwaŵa.
2. Penti wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza penti wogulitsidwa m'Malaŵi, ndipo woposa theka adapezeka ndi mtovu wopyola muyezo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lidayamba kulondola opanga penti, ndipo pofika 2023 penti wotere adachepa m'masitolo. Koma amene adapakidwa kale pa zitseko, mazenera ndi mipando akadalipo, ndipo akamasupuka ana amatola tizidutswa take.
3. Mapoto osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakutha za galimoto. Ena mwa iwo amatulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chowawasa.
4. Zovala ndi nsapato za munthu wogwira ntchito yokonza mabatire, yowotcherera zitsulo, yopenta kapena yokumba miyala.

Chitsulo china choyenera kusamala nacho ndi mercury. Chimapezeka m'mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu, ndiponso okumba golide amachiwotcha polekanitsa golide ndi dothi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asadzole mafuta otere, ndipo ntchito yowotcha golide isachitikire m'nyumba kapena pafupi ndi ana.

NANGA MIGODI YATHU?

Mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene uli kumadzulo kwa tauni ya Karonga, udatsegulidwa mu 2009, udaima mu 2014, ndipo udayambanso ntchito mu 2025. Ku Mwabulambo kudakumbidwa malasha. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch lidalemba kuti anthu okhala pafupi ndi migodi ya m'boma lino ankadandaula kuti sauzidwa zotsatira za kuyeza madzi ndi dothi. Kufuna kudziŵa ngati madzi amene ana athu amamwa ngabwino ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo palibe choipa pofunsa.

Koma funso limeneli siliyankhidwa ndi tsitsi la mwana mmodzi lotumizidwa kunja. Limayankhidwa poyeza madzi a m'chitsime, m'mjigo ndi mumtsinje, poyeza dothi ndi fumbi, ndipo ngati kuli kofunika, poyeza magazi ndi mkodzo wa anthu kudzera kuchipatala. Ngati mudzi uli ndi nkhaŵa, komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo ikambirane ndi anyakwaŵa ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo alembe pempho ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti madzi ayezedwe ndi kuti zotsatira zake ziŵerengedwe pa msonkhano wa mudzi. Mutu umodzi susenza denga.

ZOYENERA KUCHITA PAKHOMO

1. Musasunge kapena kuswa mabatire akutha pakhomo. Aperekeni kwa ogula mabatire akale ali osaswa.
2. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, ndipo muziwenga zikhadabo zawo.
3. Wazani madzi musanasese, kuti fumbi lisabuke. Mwana wokwaŵa muyalireni mphasa.
4. Musapale penti wakale ana ali pafupi. Pogula watsopano, funsani wopanda mtovu.
5. Wogwira ntchito ya zitsulo kapena ya mumgodi asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.
6. Mwana asakhale ndi njala nthaŵi yaitali. Mupatseni usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, mkaka kapena chambiko, ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndi zipatso monga mango, malalanje ndi malambe. Thupi lokhuta ndi lokwanira magazi siliyamwa mtovu wambiri.
7. Ngati mwana, kapena mayi woyembekezera, amakonda kudya dothi, kanenani kusikelo. Kaŵirikaŵiri chimenechi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, kumene kuli ndi mankhwala ake.

KUTHANDIZA MWANA WA AUTISM

Palibe jekeseni kapena mbulu wa mankhwala wochotsa autism, koma chithandizo chilipo, ndipo m'mera mpoyamba. Mukaona zizindikiro zimene tatchula, pitani ndi mwanayo kusikelo mutatenga kabuku kake ka kuchipatala. Fotokozani zonse, kuphatikizapo za ntchito ya bambo ake ndi zimene mwanayo amaika m'kamwa. Pemphani kuti amuone makutu ndi magazi. Ngati amakomoka, nenani, pakuti khunyu imapezeka mwa ana ena a autism, ndipo mankhwala ake alipo. Achipatala angathe kukutumizani ku chipatala cha boma cha Karonga, ndipo kuchokera kumeneko ku Mzuzu, kumene kuli chipatala chachikulu ndiponso a St John of God amene amathandiza ana ochedwa kukula m'nzeru.

Pakhomo, lankhulani naye tsiku ndi tsiku m'chinenero cha pakhomo panu, kaya ndi Chinkhonde, Chitumbuka kapena Chicheŵa, ndi mawu aafupi, mutaŵerama kuti nkhope zanu zilingane. Tchulani dzina la chinthu chimene iye akuyang'ana. Ngati mawu sakubwera, mphunzitseni kuloza kapena kusonyeza ndi manja. Nthaŵi ya kudya, kusamba ndi kugona ikhale yomweyo masiku onse, pakuti ana otere amakhazikika mtima akadziŵa chimene chikubwera. Muyamikireni akachita bwino. Musamumenye, musamumange, ndipo musamutsekere m'nyumba chifukwa cha manyazi. Muyang'anireni bwino pafupi ndi moto, msewu, mtsinje ndi nyanja, chifukwa ena saona choopsa. Akafika msinkhu, mlembetseni kusukulu ya mkombaphala ndi ya pulayimale, ndipo kambiranani ndi aphunzitsi za mkhalidwe wake.

Inu abambo, agogo ndi anansi, musasiyire mayi yekha mtolo umenewu, ndipo musamunyoze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

KUMBUKIRANI IZI

Autism imadziŵika poona khalidwe la mwana, osati poyeza tsitsi. Mtovu umadziŵika poyeza magazi. Mankhwala ochotsa zitsulo ndi a dokotala yekha. Chitetezo chachikulu cha mwana ndicho pakhomo paukhondo, chakudya chokwanira ndi katemera.

MAFUNSO OKAMBIRANA PODIKIRA SIKELO

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimamatirira ku tsitsi ndi kusokoneza kuyeza.
2. Nchifukwa ninji mwana wodya dothi ali pangozi ya mtovu kuposa anzake?
3. Kodi m'mudzi mwanu mabatire akutha amatayidwa kuti, ndipo komiti ya zaumoyo ingachitepo chiyani?
4. Kodi mungamulangize zotani mnzanu amene wauzidwa kuti agulitse ng'ombe kuti akayezetse tsitsi la mwana wake?